PA BWALO LA MASEWERA: Mai Amene Anasiya Amuna Onse M'mbuyo pa Ulendo wa Masiku 40

M'mwezi wa September caka ca 2024, mai wina wa ku America wa zaka 31, dzina lake Tara Dower, anafika pamwamba pa phiri la Springer m'cigawo ca Georgia atayenda pansi makilomita pafupifupi 3,500 m'masiku 40 ndi maola 18. Njira imene anatsata ndi ija yochuka ya Appalachian Trail, ndipo kufikira tsiku limenelo panalibe munthu, mwamuna kapena mkazi, amene anaitsiriza msanga cotero. Amene anali patsogolo pa onse anali mwamuna, Karel Sabbe, dotolo wa mano wa ku Belgium. Maiyu anamposa ndi maola 13.

Manambala otere samveka bwino mpaka ataikidwa pa mseu umene anthu audziwa. Kucokera ku Lusaka kukafika ku Chipata pa mseu wa Great East pali makilomita ngati 570. Ndiye kuti ulendo wa mai Dower ulingana ndi kucoka ku Lusaka kupita ku Chipata ndi kubwerera, katatu konse. Pa tsiku anali kuyenda makilomita ngati 87. Munthu wa mayendedwe otere atanyamuka ku Lusaka Lolemba mbandakuca, Laciwiri madzulo akanadutsa pa boma la Rufunsa, Lacitatu akanatsika Manenekela ndi kuoloka ulalo wa Luangwa, ndipo pa Sondo akanadya nsima ku Chipata. M'mawa mwake, m'malo mopumula, akanatembenuka kuyamba ulendo wobwerera. Komatu Great East ndi mseu wa phula, pamene Appalachian ndi kanjira ka m'thengo, kodzala miyala ndi mizu, kokwera ndi kutsika mapiri kuyambira m'mawa mpaka usiku.

Kanjirako kanatsirizidwa kulambulidwa mu 1937. Kayambira pa phiri la Katahdin m'cigawo ca Maine kumpoto, kadutsa zigawo 14 za dziko la America, ndi kuthera ku Georgia kum'mwera. Caka ciri conse anthu zikwi amanyamuka kuti akayende konse, ndipo ambiri amatenga miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Mwa anthu anai onyamuka, kawirikawiri mmodzi yekha ndiye amafika; enawo amabwerera panjira cifukwa ca mapazi, matenda, ndalama kapena kupukwa kwao.

Pakati pa oyendawa pali kagulu kocepa ka anthu olimbirana nthawi. Mpikisano wao ndi wacilendo ndithu. Ulibe woimba pito, ulibe cikho, ulibe ndalama za mphotho, ndipo opikisanawo sanyamukira pamodzi. Ali yense amasankha tsiku lake, amalengeza kuti wayamba, nalimbana ndi nthawi imene mnzake anasiya zaka zapitazo. Nthawi yopambana zonse, imene a masewera amati rekodi, iwo amaicha Fastest Known Time, ndiko kuti nthawi yaifupi imene idziwika. Kale anthu anali kukhulupirira mau a woyendayo, koma masiku ano amanyamula kacipangizo ka GPS kosonyeza pamene ali, kuti wina asakwere galimoto usiku ndi kudzanama. Magulu alipo atatu: ena amayenda ndi owathandiza amene amawacingamira pa mphambano ndi cakudya, ena amadzigulira okha m'masitolo a panjira, ena amasenza zonse kucokera pa ciyambi, osalandira kanthu kwa munthu. Gulu liri lonse liri ndi rekodi yake.

Akazi sanayambe dzulo kuyenda njira imeneyi. Mu 1955 agogo ena a ku Ohio, a Emma Gatewood, a zaka 67, amene anabala ana 11, anauza ana ao kuti akupita kokayenda, osanena kumene. Anabvala nsapato za nsaru, nasenza thumba losoka okha lokhala ndi bulangete ndi tinthu tocepa, ndipo atatha masiku 146 anatsiriza njira yonse. Anali mkazi woyamba kuiyenda yekha pa ulendo umodzi. Mu 1957 anabwerezanso. Iwo sanali kulimbana ndi nkoloko, koma anacotsa mau aja akuti mkazi sangathe.

Nkhani yolimbirana nthawi inafika pena mu 2011. Rekodi inali m'manja mwa Andrew Thompson, amene mu 2005 anayenda masiku 47 ndi maola 13, ndipo amuna amene anali kuiyesa anali akatswiri othamanga. Jennifer Pharr Davis, mai wa zaka 28, anaganiza mwina. Iye sanathamange kwenikweni. Anali kungoyenda ndawala, kudzuka kusanace, kuyenda maola 16 kapena kuposerapo, osakhala pansi nthawi yaitali, ndi kugona kutada kwambiri. M'masiku oyamba misongolo inamuwawa koopsa ndipo anadwala m'mimba, kotero kuti anafuna kuleka. Mwamuna wake, Brew Davis, mphunzitsi wa sukulu, amene anali kumtsata ndi galimoto, anamlimbitsa mtima kuti ayambe wadya, wamwa mankhwala ndi kuyendako pang'ono asanatsimikize zoleka. Pa 31 July 2011 anafika, atayenda masiku 46, maola 11 ndi mphindi 20. Akulu anati kuthamanga sikufika, ndipo pano mwambiwo unapezeka woona mpaka pa nkoloko.

Amuna sanagone nazo tulo. Panapita zaka zinai rekodi iri kwa mkazi, kufikira mu 2015 pamene Scott Jurek anaiyesa. Ameneyu sanali munthu wamba: anapambana kasanu ndi kawiri motsatizana mpikisano wa Western States wa makilomita 161. Anabvulala mwendo m'masiku oyamba, anaonda, nafika pa Katahdin ali wotheratu. Atawerenga nthawi, anapeza kuti waposa mai Davis ndi maola 3 ndi mphindi 13 cabe. Pa ulendo wa mwezi ndi theka, katswiri wa dziko lonse anasiya mkazi woyenda ndawala ndi nthawi yosakwanira ngakhale kulima mizere ya m'mawa umodzi.

Pambuyo pake rekodi inayenda m'manja mwa amuna okhaokha. Karl Meltzer mu 2016 anatenga masiku 45 ndi maola 22, ndipo Jurek yemweyo, amene anali kulandidwa ulemu, anapita kukamthandiza panjira. Mu 2017 Joe McConaughy anayenda masiku 45 ndi maola 12 wopanda omcingamira. Mu 2018 Sabbe anatsitsa nthawi kufika pa masiku 41 ndi maola 7, ndipo ambiri anati apa ndiye pothera. Ndi nthawi imeneyi imene mai Dower anagwetsa mu 2024. Cinthu cina coyenera kudziwika za maiyu ndi cakuti pamene anayesa njirayi nthawi yoyamba, mu 2017, analephera patangopita masiku ocepa cifukwa ca mantha, nabwerera kwao. Anaitsiriza mu 2019 pamodzi ndi mwamuna wake, pa miyezi ingapo monga anthu onse.

Pa bwalo la nsolo sipangalephere wina wonena kuti nkhani iyi njabodza, pakuti ali yense waona pa masewera a sukulu kuti anyamata amasiya atsikana kutali. Wonena coteroyo sanalakwe konse. Pa liwiro la mamita 100, Usain Bolt wa ku Jamaica anathamanga masekondi 9.58 mu 2009, pamene Florence Griffith-Joyner wa ku America anathamanga masekondi 10.49 mu 1988. Pa mpikisano wa marathon, wa makilomita 42, Kelvin Kiptum wa ku Kenya anatenga maola 2 ndi masekondi 35 mu 2023, ndipo caka comweco Tigst Assefa, mai wa ku Ethiopia, anatenga maola 2, mphindi 11 ndi masekondi 53. Pa mitunda yotere mwamuna wopambana amaposa mkazi wopambana ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, kapena pafupi ndi pamenepo. Zifukwa zake zidziwika: mwamuna amakhala ndi mtima ndi mapapo okulirapo, minofu yambiri, ndi magazi onyamula mpweya wocuruka.

Koma zonsezi zimathandiza pamene thupi likugwira nchito ndi mphamvu yake yonse. Pa ulendo wa masiku 40 palibe amene angayende ndi mphamvu yonse. Woyesa kutero amagwa tsiku lacitatu. Pamenepo zoweruza zimakhala zina: kodi mapazi apirira matuza, kodi m'mimba mulandira cakudya ca anthu awiri kapena atatu tsiku ndi tsiku, kodi munthu angadzuke atagona maola anai kapena asanu kwa milungu isanu ndi umodzi, kodi mtima sufooka mvula ikagwa masiku atatu osaleka. Pa zimenezi mwamuna alibe mwai wobadwa nao. Akatswiri a za thupi apezanso kuti pa nchito yotenga nthawi yaitali thupi la mkazi limagwiritsa nchito mafuta ake kuposa la mwamuna, ndi kuti pa mipikisano yaitali akazi sakonda kuyamba ndi liwiro loposa msinkhu wao monga acitira amuna ambiri, amene amacoka ngati mphepo ndi kudzatsimphina kumapeto. Akatswiriwo sanagwirizane kuti zimenezi zikwanira kufotokoza zonse, ndipo pa njira zambiri rekodi zikali kupita kwa amuna, amenenso ndiwo oculuka kwambiri pakati pa oyesa. Cimene cioneka poyera ndi cakuti njira ikamatalika, mpata wa pakati pa awiriwa umacepa, ndipo nthawi zina umatheratu.

Umboni wake sucokera ku Appalachian kokha. Mu 2013 Heather Anderson anayenda Pacific Crest Trail, njira ya makilomita oposa 4,200 yocokera ku malire a Mexico kukafika ku Canada, m'masiku 60 ndi maola 17 wopanda omcingamira, naposa amuna onse a m'gulu limenelo. Koma nkhani imene azimai a kumudzi angaimve msanga ndi ya Jasmin Paris, dotolo wa ziweto wa ku Britain. Mu January 2019, pakati pa cisanu coopsa, iye analowa mpikisano wa Spine Race, wa makilomita 431 m'mapiri a Pennine, ali ndi mwana wa miyezi 14 amene anali asanasiyiretu kuyamwa. Pa malo opumulira, pamene amuna anali kugona, iye anali kuyamba wakama mkaka kuti mawere asatupe. Anatsiriza m'maola 83 ndi mphindi 12, woyamba mwa onse, nacotsa maola 12 pa rekodi ya amuna. Inakhala zaka zisanu, kufikira Jack Scott anaitenga mu 2024. Caka comweco mai Paris anakhala mkazi woyamba kutsiriza mpikisano wa Barkley ku Tennessee, wa maola 60, atatsala ndi masekondi 99 okha.

Kuti nkhani zotere zayamba kumveka posacedwa, cifukwa cake si mapazi a akazi iai, koma malamulo a amuna. Pa masewera a Olympics a 1928 akazi anathamanga mamita 800, ndipo akuluakulu ataona ena atatopa anacotsa liwirolo mpaka 1960, ati nloopsa kwa mkazi. Marathon ya akazi inalowa pa Olympics mu 1984. Ku Boston mu 1967, mkulu wina wa mpikisano anathamangira Kathrine Switzer kuti amng'ambe nambala pa malaya. Kuno kum'mwera kwa Africa, mpikisano wa Comrades wa makilomita ngati 89 pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg unayamba mu 1921. Frances Hayward anauthamanga mu 1923 natsiriza, koma sanalembedwe m'buku cifukwa anali mkazi. Akazi ndi anthu akuda analoledwa pamodzi mu 1975. Patapita zaka 14, mu 1989, Sam Tshabalala anakhala munthu wakuda woyamba kupambana, ndipo tsiku lomwelo Frith van der Merwe, mphunzitsi wacikazi, anafika pa nambala 15 mwa zikwi za othamanga, atatenga maola 5 ndi mphindi 54. Khomo litangotseguka, onse amene anatsekeredwa kunja anaonetsa cimene anali naco.

Kufupi ndi kuno, ku Malawi, kuli mpikisano wa pa phiri la Mulanje wochedwa Porters' Race. Unayamba m'zaka za m'ma 1990 ngati masewera a anyamata onyamula katundu wa alendo okwera phiri, ndipo pambuyo pake unatsegulidwa kwa onse, amuna ndi akazi. Othamanga amacokera ku Likhubula, amakwera ku Chambe, amadutsa ku Lichenya ndi kutsikanso, makilomita oposa 20 a miyala ndi zitunda. Opambana amatenga maola awiri ndi mphindi zocepa, pa mtunda umene mlendo amayenda tsiku lathunthu kapena awiri. Ambiri a iwo ndi ana a m'midzi ya m'tsinde mwa phirilo, amene anazolowera kulikwera atasenza nkhuni ndi matabwa.

Apa ndipo nkhaniyi ifika ku Rufunsa. Boma limeneli, limene kale linali mbali ya Chongwe, ndi dziko la mapiri ndi zigwa, lokhala pakati pa mtsinje wa Lunsemfwa kumpoto ndi nkhalango ya Lower Zambezi kum'mwera. Mseu wa phula ulipo umodzi wopyola pakati. Munthu akaucoka, kulowera kwa amfumu a Shikabeta kapena m'midzi ya kutali ya kwa Mpanshya ndi kwa Bunda Bunda, galimoto imasowa, ndipo m'dzinja ngakhale njinga imakanika pa mitsinje ina. Anthu a kumeneko ndi oyenda pansi cibadwire. Makolo a dera lonse lino la kum'mawa anali otero. Magalimoto asanaculuke, amuna a ku Fort Jameson, ku Petauke ndi ku Nyasaland anali kutsika mpaka ku Feira, kumene tsopano ndi boma la Luangwa, kuoloka Zambezi ndi kuyenda milungu kukafuna nchito ku Halale. Makalata a boma anali kuyenda pa mapewa a amtokoma, ndipo katundu wa nkhondo ya 1914 anayenda pa mitu ya amtengatenga. Maulendo amenewo amakumbukika, amasimbidwa pa moto, ndipo onse ndi a amuna.

Maulendo a akazi sasimbidwa, pakuti sacitika kamodzi ndi kutha, koma amabwera tsiku liri lonse. Nayi samu yosabvuta imene mwana wa Giredi 5 angaicite. Mai amene pa tsiku amayenda makilomita 10, kuphatikiza ulendo wa ku madzi, wa ku munda, wa ku nkhuni ndi wa ku cigayo, pa caka amayenda makilomita 3,650. Imeneyo ndi Appalachian Trail yonse, ndi makilomita ena otsala. Amaiyenda ndi cigubu ca malita 20 pamutu, cimene cilemera makilogalamu 20, mwana ali kumbuyo, patapata ku mapazi. Caka cikatha amayambanso. Azimai ogulitsa nsomba zouma ndi madengu pa ulalo wa Luangwa, ndi aja ofika pa mseu ndi masuku kapena bowa dzuwa lisanatuluke, adziwa okha ola limene ananyamuka kwao.

Anthu ophunzira anayamba acita nazo cidwi zimenezi. Mu 1986 Profesa Geoffrey Maloiy wa pa yunivesite ya Nairobi ndi anzake anayesa azimai a mitundu ya Luo ndi Kikuyu ku Kenya. Anapeza kuti azimaiwo anali kusenza katundu wolemera gawo limodzi mwa magawo asanu a thupi lao popanda kuononga mphamvu yoposa ya munthu woyenda cimanjamanja, ndi kuti ena anali kufika pa katundu wa magawo 70 pa 100 a thupi lao. Asilikari ophunzitsidwa kunyamula zikwama kumsana sanafikepo. Ofufuza ena pambuyo pake ku South Africa anapeza kuti si akazi onse ali ndi luso limeneli, ndiponso kuti kusenza pamutu kumapweteka khosi. Mau aciwiriwa sadzadabwitsa agogo ali onse a ku Rufunsa.

Pamenepa mpofunika kusamala. Nkosayenera kutamanda mabvuto ngati kuti ndi masewera. Mai Dower anasankha yekha ulendo wake, anali ndi nsapato zosinthira, ndipo akanafuna kuleka, galimoto inali pa mphambano. Mai wotunga madzi sanasankhe mtunda wa ku citsime, ndipo akanakondwa mjigo utakumbidwa pafupi kuti makilomita akewo acepe. Palinso ulendo wina umene uli mpikisano weniweni wolimbana ndi nthawi, ndiwo wa mai wapakati amene matenda amuyamba usiku ali kutali ndi cipatala ca mishoni ca St Luke's ku Mpanshya kapena kiliniki ya kufupi. Wolephera pa mpikisano umenewo sabwerera kwao kukayesanso caka camawa. Ndico cifukwa cake anamwino amalangiza azimai a kutali kuti apite kukadikira ku cipatala masiku asanakwane, miyendo ikali kulola. Mankhwala a maulendo otere ndi miseu, maulalo, mijigo ndi zipatala, osati mendulo.

Koma mphamvu imene mabvutowa aumba iripo, ndipo funso nlakuti ikupita kuti. Pa masewera a masukulu a pulaimale atsikana amathamanga opanda nsapato, ena mocititsa kaso. Akatha msinkhu ambiri amazimirira pa bwalo. Nchito za pa nyumba zimaculuka, manyazi amalowa, zobvala zoyenera zimasowa, ndipo pali makolo ena amene amati mtsikana wothamanga kwambiri sadzaona mwana. Mau amenewa alibe maziko. Agogo Gatewood anali ndi ana 11, mai Paris anapambana akuyamwitsa, ndipo mai Davis anabala mwana wao woyamba caka cotsatira rekodi yao. Cimene madotolo amacenjeza ndi njala: mtsikana wothamanga kwambiri koma osadya mokwanira amafooka ndipo kumwezi kumasokonezeka. Mankhwala ake ndi nsima, nyemba ndi nshawa, osati kumletsa.

Dziko la Zambia laona kale zimene ana ake akazi angacite akapatsidwa mpata. Catherine Phiri anatenga lamba wa nkhonya wa WBC ku Mexico mu 2016. Barbra Banda, pa Olympics ya ku Tokyo mu 2021, anamwetsa zigoli zitatu pa masewera awiri otsatizana. Kwa amuna, Samuel Matete anapambana dziko lonse mu 1991 pa mamita 400 odumpha mipanda, ndipo Muzala Samukonga anabweretsa mendulo ya mamita 400 kucokera ku Paris mu 2024. Koma pa mitunda yaitali dzina la Zambia silimveka monga a Kenya ndi Ethiopia, ngakhale kuti akatswiri ambiri a maiko amenewo anakulira m'midzi ya m'mapiri, akuyenda pansi kupita ku sukulu, monga ana a ku Rufunsa. Ku Zimbabwe, Stephen Muzhingi anapambana Comrades katatu motsatizana, kuyambira 2009 mpaka 2011. Miyendo ya tsidya lino la Zambezi siyosiyana ndi ya tsidya ilo.

Mpikisano wa mtundu wa Fastest Known Time uli ndi ubwino umodzi woyenerana ndi boma losauka: sufuna bwalo, sufuna cikho. Ufuna njira yodziwika, nkoloko, mboni pa ciyambi ndi pothera, ndi buku lolembamo maina. Kucokera pa boma la Rufunsa kukafika pa ulalo wa Luangwa pali makilomita pakati pa 70 ndi 80, osafika pa ulendo wa tsiku limodzi wa mai Dower. Kwa ana a sukulu mtunda waufupi ungapimidwe, wonga wocokera pa akasupe a madzi otentha a ku Chinyunyu kukafika pa sukulu ina ya m'deralo. Nyengo yake ndi June kapena July, pakuti dzuwa la October m'cigwa ca Luangwa lingaphe munthu. Njira yake iyenera kupewa phula, makamaka pa Manenekela pamene malole amatsika mabuleki akununkha, ndipo kumene kuyenda njobvu mpofunika kumvana ndi mafumu ndi asilikari a nyama. Aphunzitsi a masewera ndi a khonsolo angakhale pansi ndi kukonza zimenezi pa msonkhano umodzi. M'bukumo maina onse angalembedwe pa mndandanda umodzi, kuti nthawi ya mkazi iime pafupi ndi ya mwamuna ndipo ali yense aone yekha.

Cotsala ndi cija cimene manyuzipepala sakonda kulemba pansi pa cithunzi ca wopambana. Palibe mmodzi wa anthu a rekodi ya gulu loyamba amene anayenda yekha. Jurek anatsatidwa ndi mkazi wake Jenny pa galimoto masiku onse 46. Mai Dower anali ndi amai ao owabala pamodzi ndi mnzao Megan Wilmarth, amene anali kuwerenga makilomita a tsiku liri lonse, kuphika, ndi kuwadzutsa usiku ngakhale akulira ndi tulo. Othamanga ena ambiri anali kusinthana kuwaperekeza m'thengo. Mutu umodzi susenza denga. Pamene woyenda ali mwamuna, palibe amene amadabwa kuona mkazi akumphikira ndi kumcapira. Mai wa kwa Shikabeta amene angafune kuyesa makilomita 75 aja adzafunika milungu yokonzekera, ndipo pa milungu imeneyo madzi adzafunika kutungidwa, ana kusambitsidwa, ndi mphika kukhala pa moto. Brew Davis anatha chuti cake conse ca sukulu ca 2011 akuyendetsa galimoto m'tinjira ta m'mapiri, akufunafuna mphambano pa mapu, akukonza cakudya ndi kumanga tenti, kuti mkazi wake akafika usiku apeze zonse ziri m'malo.